Mankhwala a Wodikirira Wodwala

Achimwene a pa bedi la pakona,
ndakuonani. Usiku wachinayi uno
mukuwerenga madontho a diripi
ngati ndalama za ngongole.
Akazi anu agona, malungo atsika.
Wodwala amene watsala ndi inu,
ndipo m'kabati ya boma mulibe mapiritsi anu.

Tengani ili. Lachokera m'chikwama changa,
n'chifukwa chake likununkha sipiriti ndi nthochi.

Musaope chikuto. Inde, muli maliro,
koma magazi simuwaona.
Wolemba amatseka chitseko mwaulemu
n'kukutengerani kukhitchini
kumene ketulo yayamba kale kuwira.
Wofufuza wake si wapolisi, alibe mfuti, alibe ngakhale njinga.
Ndi Abiti Mdala, telala wa pakhonde la sitolo,
wa bondo lovuta, wa tiyi wa masupuni atatu a shuga,
amene amadziwa chiuno cha aliyense m'tauni
ndi yemwe wanenepa mwadzidzidzi mwezi wa njala.
Anthu amaulula zambiri
akakweza manja kuti ayezedwe.

Yambani ndi loyamba, musadumphe.
Mwini chigayo apezeka atauma pa matumba a mpunga,
aliyense akuloza mlamu wake,
koma mayiyo akungofunsa za batani limodzi lobiriwira.
Lachiwiri ndi la ndalama za kwaya
zimene zinasowa pakati pa ulaliki ndi chopereka.
M'menemo simufa munthu,
amafa ndi tambala wa abusa yekha.
Lachinayi n'lofooka, ndisakunamizeni,
wolemba ankathamangira kwina,
koma muli mphaka, dzina lake Risiti,
amene ndimam'konda kuposa abale anga ena.

Lachitatu ndiye mlandu.
Masamba atatu omaliza anathothoka,
wina wa ku wodi ya amuna anakulungira mtedza.
Chaka chachiwiri chino chipatala cha Nkhotakota chikukangana.
Che Bwanali onyamula machira akuti ndi mphunzitsi.
Sisitala Kamtedza akuti ndi wamasiye uja wolira mokweza.
Mnyamata wa ku Dwangwa, mwendo uli m'chikhakha,
analemba mathero akeake kuseri kwa khadi,
ine n'kuwasokerera m'bukumo ndi ulusi wa mabala.
Mukafika pamenepo nanunso mudzaweruze.

Ndikuona funso pankhope panu:
namwino wotseka zikope za anthu sabata ndi sabata
awerengerenji za imfa pa nthawi yopuma?
Muno imfa imalowa yopanda dzina.
Sisiya batani, siyankha mafunso.
Achibale amayang'ana ine, ine ndimayang'ana fayilo.
Koma m'mabukumu funso lililonse lili ndi mwini wake.
Pofika kumapeto wolakwa wapezeka,
diresi la ukwati lasokedwa pa nthawi yake,
anthu akhala pansi kumwa tiyi
ngati dziko ndi nsalu yong'ambika pamsoko pokha.
Ndikudziwa kuti si mmene zilili.
Panado nayenso sachiza chotupa,
koma munthu amapezako tulo.

Sunthirani ku zenera, babu la uko siliphethira.
Osapinda ngodya za masamba, nali bandeji loikira pomwe mwalekezera.
Osanyambita chala potembenuza, kuno n'kuchipatala.
Diripiyo mundisiyire, ndimalipidwira yomweyo.

Ndibweranso folo koloko kudzayeza kutentha kwa thupi.
Ndikakupezani muli maso
mudzandinong'oneze amene mukum'kayikira,
ndipo sindidzakuuzani kanthu, ngakhale mundipatse fanta.
Ndikakupezani mwagona, kamwa yasa, buku pachifuwa,
ndidzayenda ndi zala za kumapazi
n'kulemba m'kope langa laling'ono,
losaonedwa ndi adokotala:
wa pakona walandira mankhwala,
mawa tim'patse lachiwiri.